Chithunzi cha mbuu chochita kufuna: za blur pojambula pamsewu ndi paulendo

Mwezi watha ndinaika pa status chithunzi chimene ndinajambula pa Lizulu, pasanathe ola mnzanga wina anandiimbira kundifunsa ngati kamera yanga yayamba kuvuta. Chithunzicho ndi cha mayi wina wakhala pansi kuseri kwa milu ya tomato, iwowo akuoneka bwinobwino mpaka maluwa a pachitenje, koma kumbuyo kwawo anyamata aja othamangira basi ndi mabeseni a karoti angoti mbuu ngati utsi, miyendo siikuoneka, karoti wakoka mizere yofiirira kudutsa chithunzi chonse. Ndinamuuza kuti kamera ili bhobho, ndinachita kufuna. Sanakhutire, akuti munthu ungafune bwanji chithunzi choonongeka. Nde ndati ndifotokoze bwinobwino nkhani imeneyi chifukwa ambiri kuno tinakula tikudziwa kuti chithunzi chabwino ndi chooneka kiliya basi, chikatuluka blur timangodilita osayang'ananso kawiri.

Mkati mwa kamera muli kachitseko kamene timati shata. Ukadina batani kamatseguka, kuwala kumalowa kukafika pa sensa, kachipangizo kamene kamalemba chithunzi, kenako kamatseka. Mu foni mulibe chitseko chenicheni, sensa imangoyatsidwa ndi kuzimitsidwa, koma mfundo yake ndi yomweyo. Nthawi imene kachitseko kamakhala kotsegula ndi imene imalembedwa kuti 1/1000, 1/250, 1/60, 1/15 chonchi, ndi zigawo za sekondi imodzi. 1/1000 ndi sekondi yogawidwa ka 1000, nthawi yochepa kuposa kuphethira, pomwe 1/15 kwa kamera ndi nthawi yaitali ndithu. Chilichonse chimene chasuntha chitseko chili chotsegula chimalembedwa malo onse amene chadutsa. Tili ana tinkasolola chikuni pamoto usiku n'kumachizunguza m'mwamba, khala ndi limodzi lomwelo koma maso amaona mkombero wofiira wathunthu. Blur ya kuyenda ndi imeneyo, kamera ikulemba njira imene chinthu chadutsa.

Mbuu alipo wamitundu ingapo ndipo anthu amausakaniza. Pali wobwera chifukwa lenzi yalephera kugwira pamene umafuna, fokasi yapita kumtengo wakumbuyo m'malo mwa nkhope, ameneyo ndi wofewa mbali zonse, alibe kolowera. Pali wobwera chifukwa dzanja lanjenjemera, chithunzi chonse kuyambira munthu, nyumba mpaka phiri zonse zakhala ziwiriziwiri. Awiri amenewa nthawi zambiri ndi kulakwitsa basi. Amene ndikunena ine ndi wachitatu, woti chinthu china chaima chikuoneka kiliya, china chikuyenda chakoka mzere, ndipo wojambula ndi amene wasankha kuti choima chikhale chiti choyenda chikhale chiti. Diso la munthu woona chithunzi limafuna pokhazikika kaye, likapeza pamenepo ndi pomwe limayamba kutsatira mizere ija n'kumva kuti apa panali liwiro. Likasowa pokhazikika, nayenso amangoti kamera yawonongeka, ndipo sakhala akulakwa.

Chifukwa chimene ine ndimalimbikira zimenezi ndi chakuti malo athu ambiri ndi malo oyenda. Pa Lizulu, pa Tsangano turn-off, pa Chimbiya tsiku lamsika, pa depoti ya Ntcheu, chimene chimapangitsa malo amenewa kukhala mmene alili ndi kuthamanga. Basi ikangopatuka kuti iime, anthu amakhala atafika kale pamawindo, kabichi m'mwamba, anyezi m'mwamba, kachewere wa m'ndowa, wina akukuwa mtengo wina akuthamangira chenji basi itayamba kale kunyamuka. Ukajambula zimenezo pa 1/1000 aliyense amauma gwa ngati chiboliboli, mnyamata mwendo uli m'malere kukamwa kuli yasaa, basi imaoneka ngati yafa yangoimikidwa. Chithunzi chimatuluka chooneka bwino koma chikunama, chifukwa munthu amene sanafikepo angaganize kuti pa Lizulu ndi pamalo pa phee.

Nkhaniyi ndi yakale ngati kujambula komweko. Chaka cha 1838 Louis Daguerre anajambula msewu wa Boulevard du Temple ku Paris kuchokera pawindo, msewu wodzadza ngolo ndi anthu, koma chifukwa chitsulo chimene ankajambulirapo chimafuna mphindi zingapo kuti chigwire kuwala, onse oyenda anafufutika, msewu unatuluka ngati mulibe munthu. Amene anaoneka ndi bambo wina amene anaima nthawi yaitali pakona akupolishitsa nsapato, ndi womupolishirayo. Kuyambira pamenepo akatswiri anakhala akulimbana kuti athane ndi mbuu, mpaka 1878 Eadweard Muybridge ku California anakwanitsa kuumitsa hatchi ikuthamanga ndikuonetsa kuti pali kanthawi kamene miyendo yonse inayi imakhala m'mwamba. Atapambana nkhondo imeneyo ena anayamba kubwerera dala. Ernst Haas, wojambula wobadwira ku Austria, m'zaka za m'ma 1950 ankajambula ndi filimu yamitundu imene inkafuna kuwala kwambiri, m'malo modandaula anangoilola, ndipo zithunzi zake za 1956 za munthu wolimbana ndi ng'ombe ku Pamplona ku Spain zimaoneka ngati zopenta ndi bulashi, nsalu ndi ng'ombe zalukana. Wina amene amandikhudza kwambiri ndi Alexey Titarenko wa ku St Petersburg, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Soviet Union itangogwa, ankaimika kamera pakhomo la siteshoni ya sitima zapansi n'kusiya shata yotsegula nthawi yaitali. Khamu la anthu linasanduka ngati mtsinje wautsi, chooneka ndi manja okha atagwira chitsulo cha pamasitepe. Mukaziona simufunanso wokuuzani kuti anthuwa anali pamavuto.

Funso limene aliyense amafunsa ndi loti shata ndiike pa nambala iti. Yankho limatuluka mukawerengera mtunda umene chinthucho chiyende shata ili yotsegula. Munthu woyenda bwinobwino amayenda pafupifupi makilomita 5 pa ola, ndiye kuti mita imodzi ndi theka pa sekondi kuchotsako pang'ono. Pa 1/250 wasuntha kosakwana sentimita imodzi, kamera siona kanthu. Pa 1/15 wasuntha pafupifupi masentimita 9, apo manja ndi miyendo zayamba kukoka. Pa 1/4 wadutsa masentimita 35, nkhope yapita, watsala mthunzi wa mtundu wa malaya ake. Wakabaza wopalasa pa makilomita 15 pa ola akudya mamita 4 pa sekondi, nde pa 1/30 wayenda masentimita 14, zokwanira. Minibasi ya pa 60 ikudya pafupifupi mamita 17 pa sekondi, imeneyo olo pa 1/125 yasuntha kale masentimita 13. Mwaona kuti nambala imodzi siingagwire zonse. Ndipo mtunda wa pakati pa inu ndi chinthucho nawonso umasintha zinthu, galimoto yodutsa pafupi ndi mphuno imakoka mzere wautali, yomweyo ikakhala uko kutsidya kwa dambo imangoyenda pang'onopang'ono mu fulemu, kutanthauza malo amene kamera ikuona. Chobwera molunjika kwa inu sichikoka kwenikweni, chimene chimakoka bwino ndi chodutsa chopingasa.

Kanthu kena kokoma kamene mumazindikira mukayamba kuyang'anitsitsa, thupi la munthu siliyenda lonse liwiro limodzi. Phazi limene laponda pansi limakhala litaima, linalo ndi limene likuuluka. Nde pa 1/15 mumapeza phazi limodzi lili kiliya mpaka zingwe za nsapato, linalo lasanduka mphepo. Mayi wosenza mtolo wa nkhuni mutu wake sugwedezeka, umayenda mosalala, koma chitenje kumapazi chikuwinduka. Zinthu ngati zimenezi ndi zimene zimapatsa chithunzi moyo, ndipo sizingapangidwe ndi app.

Njira yoyamba, imene ndinagwiritsa ntchito pa mayi aja, ndi yoti kamera iime nji, dziko liziyenda. Mumapeza chinthu kapena munthu amene sakusuntha, wogulitsa wakhala pansi, telala pakhonde, agogo akudikira basi atatsamira ndodo, chikwangwani, njinga yoyedzeka pakhoma, n'kudikira kuti oyenda adutse kumbuyo kapena kutsogolo kwake. Vuto ndi dzanja lanu. Pali kalamulo kakale koti ndi lenzi ya 50mm musatsike kupitirira 1/50 pamanja, ya 200mm musatsike kupitirira 1/200, chifukwa lenzi ikamakoka kutali kunjenjemera nakonso kumakula. Nde ngati mukufuna 1/15 kapena 1/8 gwiritsani lenzi yotambasuka, tsamirani khoma kapena mtengo, zigongono zigunde nthiti, tulutsani mpweya kenako dinani mofatsa. Makamera ndi mafoni ena ali ndi stabilisation, imathandiza kwambiri apa chifukwa imaletsa kunjenjemera kwa dzanja lanu kokha, woyenda uja imamusiya akoke mzere wake. Thiraipodi, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndi yabwino koma pamsika imakuitanirani anthu, aliyense amasiya zimene amachita n'kuyamba kukuyang'anani. Ine ndimayenda ndi kathumba ka nyemba, ndimakaika pa benchi kapena pa chipupa n'kukhazikapo kamera, ndikaika timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze.

Tsiku limene ndinajambula mayi aja ndinayamba ndagula tomato kaye. Kenako ndinati, "Mayi, ndimajambula zithunzi, mungandilole ndikujambuleni muli pa geni yanu pomwepa?" Anandiyang'ana nthawi ndithu. "Mukazitani achimwene?" Ndinawaonetsa zina za mu foni, ndikuwalonjeza kuti ndidzabweretsa chotsukitsa. Anati chabwino koma ayambe akonza mpango. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti basi ikamafika asatembenuke. Ndinakhala pa njerwa moyang'anana nawo, kamera pabondo, 1/10, ndipo tinadikira mabasi anayi. Yoyamba anatembenuka, sinanga ndi chizolowezi cha zaka. Yachiwiri munthu anandidutsa kutsogolo. Yachinayi ndi imene inagwira.

Njira yachiwiri ndi panning, imeneyi ndiye yovuta koma ikagwira mtima umachita kuti myaa. Apa mukutembenuza nkhani, woyenda uja ndi amene atuluke kiliya, dziko lakumbuyo ndi limene likoke mizere. Mumamutsatira ndi kamera pa liwiro lake lomwelo kuti mu fulemu akhale ngati waima malo amodzi. Imani moyang'ana pamene mukufuna kudzadinira, mapazi motalikirana, kenako potokolani chiuno kuloza kumene akuchokera. Mugwireni akadali patali, muyende naye, manja asamagwire ntchito, chiuno ndi chimene chizizungulira ngati chitseko pa hinjesi, akafika pamaso panu dinani koma osaima, pitirizani kumutsatira mpaka wadutsa. Ambiri amalakwitsa pamenepo, amati akadina n'kuima, nde shata ikadali yotsegula munthu uja wawathawa. Kwa wakabaza yambani ndi 1/30, njinga yamoto 1/60, galimoto ya pamsewu waukulu 1/125, mukazolowera muzitsika. Ikani kamera pa continuous kuti ijambule zingapo motsatizana, fokasi nayonso ikhale yotsatira. Musankhe dontho limodzi pa munthuyo, khutu kapena kolala, maso anu asachoke pamenepo.

Ndipo kumbuyo kukhale ndi zinthu. Mukapanga panning kumbuyo kuli thambo loyera kapena khoma la mtundu umodzi palibe chokoka mzere, wakabaza amangooneka ngati waima. Kumafunika mashopu opentedwa mitundu yowala aja, milu ya zitenje, mitengo ya paini ngati ya mmbali mwa phiri la Dedza, anthu, zikwangwani. Malo amene ndimawakonda ndi potsetsereka pamene anyamata amatsika ndi matumba a kachewere kapena makala atamangirira pa kaliyala, thumba lina pa fulemu ya njinga, iye wakhalira kutsogolo kwenikweni mabuleki akulira. Ikagwira mumaona nkhope ili kiliya, thukuta, mitsempha ya pamkono, masipoko asowa asanduka mbale yoonekera, kumbuyo konse kwangokhala mizere yobiriwira ndi yofiira. Koma dziwiranitu kuti zambiri zimatayika. Ine pa zithunzi 30 ndikapeza ziwiri zabwino ndimati tsiku layenda, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti simukutha, ntchito yake ndi yotero.

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri ndi dzuwa. Shata ikakhala yotsegula nthawi yaitali kuwala kumalowa kochuluka, ukaika 1/15 masana chithunzi chimangotuluka pepala loyera. Kuwala kumayendetsedwa ndi zinthu zitatu, shata, kabowo ka mu lenzi kamene kamalembedwa f/2.8, f/8, f/16, nambala ikamakula kabowo kakuchepa, ndi ISO imene ndi mphamvu ya sensa. Padzuwa lowala bwino, ISO 100 ndi f/16 zimafuna shata ya pafupifupi 1/125. Kuchoka apo kufika 1/15 ndi masitepe atatu, 1/60, 1/30, 1/15, ndipo sitepe iliyonse ikuwirikiza kuwala kawiri, kutanthauza kuti kwachuluka ka 8. ISO yafika kale pansi, kabowo katsala pang'ono kutsekeka. Apa ndi pamene pamalowa galasi lakuda lomangira kutsogolo kwa lenzi lotchedwa ND filter. La ND8 limadula masitepe atatu omwewo, ND64 asanu ndi limodzi, ND1000 khumi, limenelo ndi la ofuna kuti mathithi asanduke mkaka kapena msika wonse usanduke utsi masana dzuwa lili paliwombo. Pa kamera ikani pa S, pa Canon amalemba Tv, inu musankhe shata, kamera isankhe kabowo, ISO muitsekere pa 100 isamakwere yokha.

A mafoni vuto lanu ndi lalikulupo. Mafoni ambiri kabowo kake sikasintha, kamakhala kotsegula cha pa f/1.8, nde padzuwa foni imathamangira ku 1/2000 kapena 1/4000 kuti isapse. Olo mulowe mu Pro mode, momwe mumasankha nokha shata ndi ISO, ya Samsung, Tecno kapena Infinix n'kuika 1/30 ndi ISO 50, masana sizitheka popanda galasi lakuda. Alipo ma ND a kapanira omangirira pa foni, ndipo magalasi akuda a m'maso amathandizako pang'ono mukawagwirizira pa lenzi ngakhale amasintha mtundu. Amene foni yawo ilibe Pro mode ayese app yaulere ya Open Camera, ngati foniyo imalola imakupatsani shata m'manja. A iPhone muli ndi njira ina kuyambira iOS 11 ya 2017, jambulani ndi Live Photo mutagwira foni nji, kenako musankhe Long Exposure, imasakaniza mafulemu a masekondi atatu aja kukhala chithunzi chimodzi. Google inaikanso Action Pan ndi Long Exposure kuyambira pa Pixel 6 mu 2021. Zimenezi ndi kompyuta ya mkati ikuyerekeza, nthawi zina m'mphepete mwa munthu mumaoneka modukaduka, komabe poyambira ndi zabwino.

Njira yaulere ndi kusankha nthawi, ndipo apa ife a ku Dedza tili ndi mwayi umene a kunyanja alibe. Boma lathu lili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,600, nde mu June ndi July m'mawa nkhungu imatsika mpaka mumsewu, dzuwa osaoneka mpaka cha m'ma 9. Nkhunguyo ndi ND filter ya Mulungu. Kuwala kwachepa, n'kofewa, kumbuyo kwafufutika kale, ana asukulu akutuluka mu nkhungu atavala majuzi, wamkaka pa njinga zigubu zikugundana, magalimoto ayatsa nyali. Anthu amabisa makamera nyengo imeneyi poti kulibe dzuwa, ine ndi pamene ndimadzuka 5 koloko. Nthawi ina ndi madzulo dzuwa likangolowa. Kuno chisisira sichichedwa, muli ndi mphindi 20 kapena kupitirirako pang'ono thambo likadali la buluu mdima usanagwe, ndipo mphindi zimenezo ndi zimene nyali za magalimoto a pa M1 ndi kuwala kwa thambo zimalingana. Khazikani kamera pamwala, masekondi 4 mpaka 10, thiraki ikadutsa siioneka, imangosiya mizere, yoyera mbali ina yofiira mbali ina, phiri lili duu kumbuyo. Pa chiwaya cha tchipisi usiku nawonso ndi malo abwino, 1/8, lawi ndi utsi zikuvina, dzanja la wokazinga lasanduka mphepo koma chiwaya chili nji. Mkati mwa shedi ya msika, pansi pa malata, olo masana kuwala kumakhala kochepa kokwanira.

Paulendo, pawindo la basi, blur imabwera yokha, inu ntchito yanu ndi kuilamulira. Zapafupi zimathamanga, zakutali zimayenda pang'onopang'ono, nde pa 1/60 udzu ndi chimanga cha mmbali mwa msewu zimakoka mizere pomwe phiri lakutali lili kiliya. Yesani pakati pa Dedza ndi Ntcheu pamene msewu ukuyenda m'malire, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, kapena potsika ku Golomoti pamsewu wokhotakhota uja chigwa chonse chili pansi. Lenzi ikhale pafupi ndi galasi kuti musajambule chithunzithunzi chanu, koma isagunde, galasi limanjenjemera ndi injini. Mukaona mapolo a magetsi atuluka opendekeka pa chithunzi cha foni musadabwe, sensa imawerenga mzere ndi mzere kuchokera mbali imodzi kupita ina, pofika kumapeto polo lasuntha kale. Mukhozanso kutembenukira mkati, kondakitala ali pakhomo kiliya ndalama zili pakati pa zala, kunja kukuuluka. Ameneyo mumupemphe kaye.

Magule ndiye nkhani ina, ndipo ndi pamene ndimaona kuti njira imeneyi inabadwira ife. Ngoma ya Angoni, monga imene imavinidwa pa Umhlangano kwa Nkolimbo ku Ntcheu, mphamvu yake ili pa phazi pomenya nthaka. Pa 1/30 mutu ndi nthenga zimatsala zooneka, chishango chakoka pang'ono, phazi ndi fumbi zasakanikirana, munthu woona amachita kumva mgugu wake. Wovina akadumpha pali kanthawi kochepa pamwamba penipeni pamene thupi limaima lisanayambe kutsika, mukadina pamenepo nkhope imagwira pomwe zovala zikadali kuuluka. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndi fumbi, nsanza ndi liwiro, ukamuumitsa pa 1/2000 umangotsala ndi chovala, chimene chimaopsa ndi kusangalatsa pabwalo chija chathawa. Koma apa ndinene motsindika, gule si wongofikira n'kutulutsa kamera. Mumayamba mwaonana ndi amfumu ndi akuluakulu a bwalo, akakuuzani poima muime pomwepo, akati ichi ayi ndiye ayi, ndipo blur si chiphaso chojambulira zimene mwaletsedwa. Amene mukufuna kumvetsa zimene mukujambulazo pitani kaye ku Kungoni ku Mua, malo amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, mukaone zigoba ndi matanthauzo ake.

Usiku pa chinkhoswe kapena pa dansi pali kachenjerero kena kosakaniza fulashi ndi shata yochedwa. Fulashi imawala kanthawi kochepa kwambiri nde imaumitsa munthu, pomwe shata ya 1/8 kapena 1/4 ikupitiriza kulemba nyali ndi kuyenda. Mu menyu ya fulashi fufuzani rear curtain, ena amalemba 2nd curtain, kuti fulashi iwale kumapeto shata ikamatseka. Mukatero mzere umatsalira kumbuyo kwa munthu ngati mchira. Mukaisiya pa yoyamba mzere umatsogola, munthu amaoneka ngati akuyenda chambuyo. Koma pa ntchito yolipidwa samalani, mwini ukwati akufuna kuona nkhope za azakhali ake, jambulani zooneka kiliya zokwanira kaye, za blur zikhale zoonjezera ziwiri zitatu za nthawi ya pelekanipelekani ndalama zikuuluka. Ndinaphunzira zimenezi kasitomala wina atandibwezera zithunzi zisanu kuti sangalipire zoonongeka, ndipo sindinakangane naye chifukwa sindinamufotokozere poyamba.

Ena amati bwanji osangojambula kiliya kenako n'kuika blur ndi app. Zimatheka koma zimaoneka. App imapaka mbali imodzi mofanana, pomwe pa chithunzi chenicheni tayala likuzungulira, mwendo ukukwera, thumba likugwedezeka, fumbi likupita kwina, chilichonse ndi liwiro lake ndi njira yake. Komanso blur siipulumutsa chithunzi chopanda nkhani. Ngati kuwala n'koipa, fulemu yadzadza zinyalala, palibe chimene mukufuna kunena, kuchedwetsa shata kumangoonjezera chisokonezo. Ndimaona achinyamata ena akangoiphunzira chilichonse amachigwedeza, mbuzi blur, nyumba blur, nsima blur. Funso likhale loti kodi pamalo ano chimene chandiimitsa ndi kuyenda? Ngati chakuimitsani ndi makwinya a pankhope ya agogo kapena zojambula za pamiyala ku Chongoni, kwezani shata, gwirani nji.

Phindu lina limene sindinkaliganizira poyamba ndi la ulemu. Pamsika pali anthu ambiri amene sungawapemphe onse, ena safuna nkhope zawo zizizungulira pa intaneti, ena ndi ana. Pa 1/8 odutsa onse amasanduka mitundu ndi mithunzi, palibe angamuloze chala kuti uyu ndi uje, watsala wooneka ndi yekhayo amene munagwirizana naye. Ndipo poti mukhala mmbali mwa msewu maso ali mu kamera mukuzungulira chiuno, imani kutali ndi tara, M1 ndi yopapatiza ndipo mathiraki sapatuka, bola mupite ndi mnzanu woti azikuyang'anirani kumbuyo. Pa rodibuloko ndi pa chipata cha malire kamera ibwerere m'chikwama. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi imafinya chithunzi mizere yosalala ija n'kusanduka timabokosi.

Chithunzi cha mayi aja ndinakatsukitsa, Loweruka lotsatira ndinawapititsira. Anachigwira m'mphepete ndi nsonga za zala atapukuta manja pa chitenje, anadziyang'ana kaye iwo eni, kenako anayamba kuyang'ana utsi wa kumbuyo uja. Ndimadikira kuti afunse chifukwa chake anyamatawo sakuoneka. M'malo mwake analoza mzere wina wachikasu wokhala ndi kofiira pamwamba. "Uyu ndi wanga uyu, wachiwiri. Jezi yakeyo, ndi mmene amathamangiramo, amapendekera kumanzere." Anaitana mnzawo wa anyezi kuti adzaone, nayenso anavomera kuti ndi yemweyo. Kenako basi ina inapatuka, anachilowetsa msanga mu kope la ngongole n'kuimirira ndi beseni.